Wailesi Imene Inatuluka Thukuta ku Lukanga

Ngwee makumi asanu. Umenewo ndiwo unali mtengo wotsekera wailesi kuti isalowe madzi pa kashopu ka a Laban Nkhoma, kuseri kwa msika wa ku Ngungu mu tauni ya Kabwe, m'chaka cha 1979. Kuukitsa wailesi yakufa kale kunali kwacha ziwiri, mwina zitatu. A Laban ankauza aliyense za kusiyana kwa mitengo iwiriyi, koma anthu ankabwerabe mochedwa, wailesi ikudontha m'kathumba ka ufa.

"Yagwera m'chitsime?" iwo ankafunsa.

"Iyayi, denga chabe."

Nthawi zonse linali denga. Ku komboni ya Makululu malata ambiri anali akale, opsinjidwa ndi miyala, ndipo dontho la mvula linkadziwa kusankha. Linkasiya mphasa, linkasiya ndowa imene alitchera, n'kukagwera pa shelefu pamene mwini nyumba waikapo chinthu chodula kuposa zonse m'nyumbamo.

A Laban anabadwira mu Kabwe momwemo, tauniyo ikadali ndi dzina lake lachitsamunda. Bambo awo anachokera ku Dedza pa mapazi kudzagwira ntchito ya mgodi, ndipo sanabwererenso. Mwanayo atakula naye analowa pa mgodi, koma osati kokumba. Anamuika m'chipinda cha nyali, kumene anthu otsika pansi ankatengako nyali za pachipewa m'mawa n'kuzibweza poweruka. Pansipo madzi sankatha, ankachucha m'miyala chaka chonse, choncho nyali iliyonse inkayenera kutsekedwa bwino. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi a Laban anakhala akumasula nyali, kusintha mphira, kumanganso. Potuluka pa ntchitoyo anali ndi bokosi la zipangizo, maso akuthwa, ndi chikhulupiriro chimodzi chimene ankachinena kwa aliyense wofuna kumva: madzi safuna chitseko, kang'alu kochepa ngati tsitsi n'kokwanira.

Ntchito yawo inkakoma kuiona. Ankatenga chubu chakale cha njinga, n'kudulamo timizere topyapyala ndi lezala, n'kutiyala m'mphepete monse mmene zigamba ziwiri za wailesi zimakumana. Kumbuyo kwa sipika ankamatako kapepala kapulasitiki kopyapyala, kokoka bwino ngati chikumba cha ng'oma, kuti mawu azituluka koma madzi asalowe. Pa zopotokolera ankavekapo timphete ta mphira topaka vaselini. Pomaliza ankasungunula kandulo m'kachitini ka nsomba, n'kupaka phulalo ndi nthenga ya nkhuku paliponse pamene pali msoko. Kandulo imodzi inkakwanira mawailesi anayi. Zaka zimenezo makandulo ankasowa m'masitolo ngati sopo ndi mafuta ophikira, choncho a Laban ankatolera zidutswa zotsala ku tchalitchi cha Reformed kumene ankapemphera, atapempha kaye kwa akulu a mpingo.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi pa kashopupo sipankasowa munthu. Koma mvula ikangosiya, mawailesi nawo ankasiya kufa. Miyezi isanu ndi iwiri a Laban ankangokhala pa benchi, kuthamangitsa ntchentche ndi kuwotcherera nsambo imodzi pa sabata. Akazi awo a Esnath, mwana wa ku Katete, anali atatopa nazo zimenezi. Mwana wawo Lyness anali atakwatiwa ku Ndola, ndipo kwawo kwa a Esnath munda wa malemu mayi awo unali ukumera tchire.

"Atate a Lyness," anatero tsiku lina akutsuka mbale, "chilimwe chino mukakhalanso pa benchi paja ngati chiboliboli, tikukwera basi. Kumudzi khasu silidikira mvula idonthere pa wailesi."

A Laban anangoti, "Tiona, amake Lyness." Koma mumtima anachita mantha. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wobadwira m'komboni ya mgodi, khasu ankalidziwa ngati chinthu chopalira udzu pakhomo. Kabwe ndiye anali mudzi wawo. Ankaikonda mbali zonse: kulira kwa sitima, fumbi, ngakhale mkangano wa amayi ogulitsa tomato umene unkayamba asanatsegule kashopu.

Mwezi wa Febuluwale kunabwera mayi wina wamtali, wa chitenje chomanga mwamphamvu m'chiuno, fungo la nsomba zouma likumutsogolera. Dzina lake linali Philomena. Ankakagula nsomba kwa asodzi a ku dambo la Lukanga n'kudzagulitsa mu tauni. Anaika wailesi yatsopano ya mabatire anayi pa thebulo, n'kuigwirabe ndi dzanja limodzi.

"Ba Laban, ndimwe mumati mawailesi yanu siyangena manzi?"

"Ndine, amayi."

"Manzi ya denga, kapena manzi yeniyeni?"

"Madzi ndi madzi."

Philomena anaseka mpaka amayi a tomato anacheuka. Kenako anafotokoza. Mchimwene wake Zephaniah anali msodzi. Iye ndi anzake ankakhala m'misasa pakati pa dambo miyezi yathunthu, pa tizilumba ta bango, kumene munthu ukagona umamva madzi akusuntha pansi pa nthiti. Kumeneko wailesi ndiyo inali zonse: mpira, nyimbo, mauthenga a maliro. Koma palibe imene inkatha mwezi. Bwato likapendama pang'ono, yapita. Mvula ikawomba cham'mbali, yapita.

"Iyi nagulila Zephaniah," anatero. "Mukaitseka, ikankhala miyezi ibili ikali kukamba, nizakubweletselani mawailesi yonse ya ku Lukanga. Kuja manzi siyasila, Ba Laban. Kulibe chilimwe."

Mawu otsirizawo ndiwo anawalowa a Laban. Kulibe chilimwe! Anayamba kuwerengera mumtima: misasa ingati, msasa uliwonse mawailesi angati, miyezi khumi ndi iwiri pa chaka. Basi ya ku Katete anaiona ikunyamuka popanda iwo.

Anayamba ntchitoyo tsiku lomwelo. Mvula inali itagwa masiku atatu osalekeza, ya mvumbi ija imene imachititsa machesi kukana kuyaka ndi mchere kusanduka phala. A Laban sanasamale za kunja. Anadula mphira watsopano, osati wa chubu chakale. Phula analipaka kawiri. Kandulo yathunthu inathera pa wailesi imodzi, chinthu chimene anali asanachitepo. Pamene ankamanga chomangira chotsiriza anadziwa kuti chiyambire sanatsekepo chinthu bwino chotero, ngakhale nyali za pa mgodi.

Philomena atabwera kudzaitenga, a Laban anatunga madzi odzaza ndowa n'kuiika pakati pa njira. Anthu anasonkhana. A Laban anayatsa wailesi, nyimbo ikulira, n'kuimiza yonse m'madzimo. Mawu anasanduka ngati a munthu woyimba ali m'bulangete.

"Mayo! Wailesi yanga!" Philomena anagwira kumutu.

A Laban anawerenga mokweza mpaka makumi asanu ndi limodzi, n'kuivuula. Inapitiriza nyimbo yomwe ija, madzi akutsetsereka pa phula ngati pa nthenga za bakha. Msika wonse unawomba m'manja. Mayi wina wa tomato anakuwa kuti, "Ba Laban, mukatseke na denga yanga!" Tsiku limenelo a Laban anabwerera kunyumba akuyenda ngati kapitawo.

Patangotha milungu itatu Philomena anabweranso. Sanapereke moni. Anaika wailesi pa thebulo n'kupotokola. Zii.

"Yagwa m'madzi?" a Laban anafunsa, mwa chizolowezi.

"Siinagwepo olo kamozi. Zephaniah enze kuisunga monga mwana. Inayamba chabe kukamba monga ili na chifuba, mawa yake yazima. Manje bonse ku msasa baniseka. Ati munthu wako wa mu tauni atseka wailesi pamozi na mau yake."

A Laban anayang'ana misoko yonse. Phula linali lonse, mphira sunasunthe, panalibe pamene madzi akanadzera. Anapala phulalo ndi mpeni, n'kumasula. Mkati monse munali timadontho, tondandalika pa chivundikiro ngati thukuta pa mphumi. Nsambo zinali zitabiriwira, ndipo zitsulo zogwira mabatire zinali zitadyeka ndi dzimbiri.

"Aya manzi yachoka kuti?" Philomena anafunsa, akusuzumira.

"Sindikudziwa, amayi."

Kunena mawu amenewo kunawawa kuposa kuseka kwa asodzi. Philomena anawayang'ana kanthawi, mkwiyo ukumuchepera.

"Nibwelela pa Chisanu na lole ya m'mawa. Ngati mwaiukitsa, nizaitenga. Ngati mwakangiwa, nizagula chabe pulasitiki ya shuga nimangemo, monga bachita bonse."

Anali masiku anayi. A Laban anatseka kashopu masana, chinthu chimene sankachita, n'kupita kunyumba wailesi ili kukhwapa. Dzuwa linali litatuluka koyamba sabata imeneyo, ndipo anapeza a Esnath akuyanika ufa pa mphasa, akuusalaza ndi chikhatho. Anakhala pa mpando wa pakhonde n'kufotokoza zonse, mosafuna.

A Esnath sanasiye kusalaza. "Munaitseka liti?"

"Lachiwiri lija."

"Lija la mvumbi? Lija zovala zinakana kuuma masiku atatu?"

"Lomwelo."

"Ndiye mukudabwa chiyani?" Anadzuka n'kusasa manja. "Inu mukuona ngati ndikuyanika ufawu chifukwa ndilibe chochita? Ufa uwu ukuoneka wouma. Ugwireni, ndi wouma. Koma ndikauthira m'chitini lero osauonetsa dzuwa, n'kutseka zolimba, sabata yamawa chivundikiro chidzakhala chonyowa mkati, ufa utawawasa. Chitini chikatseka bwino, m'pamene ufa umaonongeka msanga. Madziwo simuwaona polowa chifukwa munalowa nawo nokha."

A Laban anaona m'maganizo wailesi ija ili m'bwato masana, dzuwa la ku dambo likuiotcha, kenako kuzizira kwa m'bandakucha kukuigwira. Chinyezi cha tsiku la mvumbi chimene anachitsekeramo ndi manja awo chinalibe kothawira. Chinkakwera, n'kugwa, n'kukweranso, tsiku ndi tsiku. Nyali za pa mgodi sizinkachita zimenezi chifukwa ankazitsekera m'chipinda chofunda, chouma, ndipo pansi pa nthaka kulibe dzuwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anaphunzira kuletsa madzi akunja, koma za madzi okhala kale mkati panalibe amene anawauzapo.

"Bwanji simunanene?" anafunsa.

"Munafunsa? Munabwera kuno mukuyenda ngati mwagula sitima. Safunsa anadya phula, atate a Lyness, ndipo inu ndiye mwadya kandulo yathunthu."

Anaseka onse awiri, a Laban mochedwerako.

A Laban sanafune kungokhulupirira, ngakhale zinali zomveka. Anatenga mabotolo awiri ofanana. Limodzi analisiya pa udzu wonyowa kuseri kwa nyumba kwa ola limodzi n'kulitseka. Linalo analiimika pafupi ndi mbaula mpaka litafunda, n'kulitsekanso. Onse awiri anawaika padzuwa, kenako anawamiza m'madzi ozizira a mumtsuko. Loyamba linachita nkhungu mkati. Lachiwiri linakhala mbee. Anabwereza katatu, ndipo katatu konse zinatuluka chimodzimodzi.

Masiku awiri otsatira anathera pa kuukitsa wailesiyo. Anapala dzimbiri, anasintha nsambo zisanu ndi imodzi, anawotcherera pamene panadyeka. Italankhulanso sanathamangire kutseka. Anakazinga mchenga m'chiwaya, n'kuuthira m'chitini chachikulu cha mabisiketi, n'kuyalapo nsalu, n'kugonekapo wailesi ili chitsegulire usiku wonse. A Esnath ndiwo anawonjezera china. M'botolo lawo la mchere munkakhala timbewu ta mpunga toletsa mchere kunyowa. Anakazinga mpunga wodzaza supuni ziwiri, n'kuusokera m'kansalu kochepa ngati chala chachikulu.

"Ikani umu, pafupi ndi mabatire. Chimene chatsala adzamwa ndi ameneyu."

"Mpunga wa Khirisimasi uwu, amake Lyness."

"Mudzandibwezera wa ku Lukanga, wokhala ndi mamba."

Anaitseka Lachinayi masana, dzuwa lili pamutu, wailesi ikadali yofunda m'manja.

Lachisanu m'mawa Philomena anaipeza ikulira pa thebulo. Anayang'ana uku ndi uku.

"Ndowa ili kuti? Lelo simuzaibatiza?"

"Ndowa inatinamiza, amayi. Imangoona zakunja." Anamuonetsa kathumba ka mpunga. Anamuuza kuti Zephaniah akamasintha mabatire azichita masana kuli dzuwa, osati m'mawa kuli mame, ndipo kathumbako azikafunditsa pa chivundikiro cha poto asanakabwezeremo. Wailesi isamagone padzuwa m'bwato, aziiphimba ndi chipewa.

"Manje wailesi yankhala na malamulo monga mpingo," Philomena anatero, koma anabwereza malangizo onse atatu osaphonya, n'kukwera lole.

Malichi anatha. Mu Epulo mvula inayamba kudukiza, kenako inasiya. Pa kashopu anthu anachepa monga mwa chaka chilichonse: sabata ina mawailesi asanu, yotsatira awiri, yotsatirayo imodzi yokha, ndipo imeneyonso vuto lake linali batire loikidwa chozondoka. Philomena sanaoneke. Amayi a tomato ankati madzi adzaza kwambiri chaka chino, malole akulephera kufika ku doko. Ena ankati wapeza msika wabwino ku Kapiri. A Laban ankasesa pakhomo pa kashopu kawiri pa tsiku kuti manja apeze chochita. Kunyumba a Esnath sankanena kanthu za Katete, koma tsiku lina a Laban anaona sutikesi yaikulu itatsitsidwa pamwamba pa kabati, ikuyanikidwa padzuwa.

"Ndikungochotsa fungo," a Esnath anatero.

Unali mlungu wachiwiri wa Meyi, m'mawa wa mphepo, pamene a Laban anamva nyimbo ikubwera kuchokera kumene malole amaima. Mawu ake anawadziwa asanaone munthu, chifukwa sipika yokhala ndi pulasitiki kumbuyo imalira mogunda pang'ono, mosiyana ndi zina. Philomena anatulukira pakati pa mabenchi, wailesi ili paphewa ngati mnyamata wa m'tauni, pamutu atasenza thumba la chiguduli.

"Ba Laban! Milungu eyiti! Yagwa na m'manzi kabili, Zephaniah anaivuula na nkhafi, ikali kukamba!"

A Laban anailandira ndi manja awiri. Phula linali litada, lodzaza mamba a nsomba. Anaimasula pomwepo, anthu akuyang'ana. Mkati munali mouma ngati m'thumba la jekete. Anatulutsa kathumba ka mpunga, n'kupeza kuti sikanali kaja anasoka a Esnath. Aka kanali ka nsalu ya malaya, kosokedwa ndi ulusi wa ukonde.

"Kaja ka bakazi banu kanapsa," Philomena anafotokoza. "Zephaniah anakaibala pa poto. Anayenda na bwato maola yabili kukapempha mpunga ku msasa wina. Bonse kuja baziba manje ati wailesi ya Zephaniah imadya mpunga, yeve adya nshima."

Kenako anatsitsa thumba lija n'kumasula. A Laban anatulutsa imodziimodzi n'kundandalika pa thebulo, ndipo thebulo litadzaza anapitiriza pa benchi. Mawailesi analipo khumi ndi imodzi. Ena anali akufa, ena amoyo ongofuna kutsekedwa, iliyonse ili ndi kachingwe ka mtundu wakewake kuti mwini wake adzaizindikire.

"Aya ni ya misasa ibili chabe," Philomena anatero. "Misasa ilipo yambili. Benangu bakana kutumiza, ati sitingankhale milungu itatu kopanda mpila. Bafuna imwe mubwele ku doko, mutseke bali kuona."

Madzulo a tsikulo a Laban anafika kunyumba atanyamula nsomba zouma zisanu ndi imodzi zimene Zephaniah anatumiza, zomangidwa ndi luzi. Anaziika m'manja mwa a Esnath. A Esnath anazitembenuza, n'kununkhiza, n'kufunsa kuti mawailesi abwera angati. Atamva, anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga pa zala kuti tithumba tingati tingatuluke m'chitenje chimodzi chakale.

"Ku dokoko mukapita nokha mukatsekeranso nkhungu mkati," anatero. "Kumadzi m'mawa kumakhala chinyezi ngakhale mu Juni. Mchenga akakazinga ndani?"

"Ndimati mwina inu, amake Lyness. Ngati munda ungadikire."

"Munda wadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Suthawa."

Anagwirizana zochita asanadye. Mawailesi khumi ndi imodzi aja a Laban awamaliza m'masiku khumi, kuyamba ndi akufa. Loweruka a Esnath akagula mpunga makilo awiri ndi kusoka tithumba makumi atatu. Lamulungu akapempha zidutswa za makandulo kwa akulu a mpingo, ndipo Lolemba a Laban akafunafuna machubu atatu kwa okonza njinga. Pa 25 Meyi akwera lole ya m'mawa pamodzi ndi Philomena, atanyamula mbaula, chiwaya ndi chitini cha mchenga, ndipo akakhala ku doko masiku anayi.